Jenereta ya asilikali m'manja mwa munthu wamba: kuidzutsa, kuisamalira ndi kuikonza

Yanga ndinagula m'chaka cha 2022, miyezi ingapo namondwe wa Ana atawononga ku Kapichira mu Januwale n'kutichotsera pafupifupi 130 MW pa magetsi a dziko lino. Amene ntchito yanu imadalira magetsi mu Blantyre muno mukukumbukira mmene zinalili: kufika ku shopu m'mawa magetsi kulibe, kudzabwera usiku anthu atagona. Ine ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ku Chirimba, ndipo tsiku lopanda magetsi ndi tsiku lopanda ndiwo kunyumba. Munthu wina anali ataitanitsa zipangizo za pa famu kuchokera ku America, ndipo mu kontena momwemo munali bokosi lachitsulo lobiriwira, lolemera kuposa theka la tani, lolembedwa MEP-803A. Ndi jenereta ya dizilo ya 10 kW, imodzi mwa zimene asilikali a kumeneko amagulitsa pa okushoni akathana nazo.

Makina amenewa safa ndi ntchito. Anapangidwa kuti azilira usana ndi usiku, pa fumbi ndi pa mvula. Chimene chimawapha ndi kukhala: kugona zaka ndi dizilo wakale m'mimba, kenako kufika kwa mwini watsopano amene amawaliza kuti ayatse mababu atatu ndi TV. Zimene ndalemba apa ndi za majenereta a ku America a mtundu wa MEP, poti ndi amene ndawagwira ndi manja anga, koma zambiri zikhudzanso ena a dizilo ochokera ku magulu a nkhondo.

Werengani kachitsulo musanatulutse ndalama

Pambali pa jenereta iliyonse pali kachitsulo kokhomedwa ndi maliveti, kolembedwa nambala ya mtundu wake, ma kW, ma volt ndi ma Hz. Pukutani fumbi muwerenge, chifukwa magetsi a ku America si athu. Kuno ESCOM imatipatsa 230 V pa 50 Hz, ndipo a three phase ndi 400 V. Kwawoko ndi 120 V ndi 240 V pa 60 Hz.

Mukaona 400 Hz, monga pa MEP-812A ndi MEP-813A, bwezani ndalama m'thumba. Magetsi amenewo ndi a radar ndi zida za ndege, pakhomo panu alibe ntchito. Phindu la makina otere ndi injini yokha, ngati muli ndi inzake yofuna masipeya.

Zing'onozing'ono, MEP-802A ya 5 kW ndi MEP-803A ya 10 kW, pamodzi ndi zakale zake MEP-002A ndi MEP-003A, ndi za 60 Hz basi, ndipo injini imazungulira ka 1,800 pa mphindi. Zimatulutsa 120 V, kapena 120/240 V single phase, kapena 120/208 V three phase, malinga ndi kumene mwalozetsa swichi ya m'kati. Ndiye amene mukuganiza za chigayo, chotsani mtima. Mota ya chigayo imafuna 400 V three phase, ndipo 208 V sangaiyendetse.

Zotiyenera bwino ndi zikuluzikulu: MEP-804A ya 15 kW, MEP-805A ya 30 kW ndi MEP-806A ya 60 kW. Izi zili ndi swichi yosankhira 50 kapena 60 Hz, ndipo zimatha kulumikizidwa kuti zitulutse 240/416 V, amene mumatsitsa pang'ono kuti afanane ndi athu. Pa 50 Hz injini imatsika kufika ka 1,500 pa mphindi ndipo mphamvu imachepa. Ya 15 kW imapereka 12.5, ya 30 imapereka 25, ya 60 imapereka 50.

Nanga ine ndinatengeranji ya 60 Hz? Chifukwa ntchito yanga ilibe nazo vuto. Grinder, drill, makina owotcherera a inverter, mababu, ketulo, ayironi ndi ma charger olembedwa 100-240 V, 50/60 Hz, zonsezi zimagwira ntchito bwinobwino pa 240 V. Zofunika kusamala nazo ndi mamota a pampu ya madzi, kompuresa ndi mafiriji. Mota ya 50 Hz ikalandira 60 Hz imaonjezera liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo pampu ya madzi ikathamanga chotero imakoka magetsi ochuluka kwambiri n'kuyamba kutentha. Werengani kachitsulo ka mota iliyonse. Ma inverter ena a sola nawonso amakana 60 Hz pokhapokha muwasinthe.

Wina adzakuuzani kuti mungotsitsa moto wa injini mpaka mita ionetse 50 Hz. Musamumvere. Injini ikayenda pang'onopang'ono, regulator, kachipangizo kowongolera voltage, imavutika kufuna kuikweza, imatentha, n'kupsa. Pa MEP-002A ndi MEP-003A ngakhale kungoisiya ikulira pa moto wotsika kwa kanthawi kumaononga regulator.

Mapepala awiri

Loyamba ndi la umwini. Katundu wooneka wachisilikali amadzutsa mafunso pa roadblock, choncho sungani lisiti la wogulitsa ndi mapepala a MRA osonyeza kuti analowa m'dziko mwalamulo. Wogulitsa akamazemba nkhani ya mapepala, musiyeni.

Lachiwiri ndi buku la makinawo. Asilikali amalemba chilichonse, ndipo mabuku awo a malangizo, otchedwa TM, amapezeka pa intaneti. La woyendetsa MEP-802A ndi TM 9-6115-641-10, la MEP-803A ndi TM 9-6115-642-10. Lothera ndi 24 ndi la amakaniko, lothera ndi 24P ndi la masipeya ndi zithunzi zake. Pitani pa shopu yosindikiza ku Limbe kapena ku Ginnery Corner musindikize masamba a mawaya pa pepala lalikulu. Foni siwerengeka manja ali ndi oyilo.

Musathamangire sitata

Tsiku limene tinaitsitsa pa lole, dzanja langa linali kale pa swichi. Makaniko wachikulire amene ndinamuitana kuchokera ku Ndirande anandigwira mkono.

"Achimwene, dikirani kaye. Mwaona ngati muli oyilo?"

"Ayi, madala, sindinaone."

Tinasolola dipstick, inali youma gwa. Majenereta ambiri amakhuthulidwa oyilo ndi madzi asanakwere sitima, ndipo palibe amene amakuuzani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patulani tsiku lonse la ntchito iyi.

Tsegulani zitseko zonse muunike ndi tochi. Fufuzani zisa za makoswe pansi pa injini ndi kuseri kwa panelo, dothi la mavu mu ekizozi ndi polowera mpweya, ndi mawaya otafunidwa. Mukatsegula panelo mtima ungagwe, poti mawaya onse ndi oyera, mazanamazana, opanda wofiira kapena wakuda. Yang'anitsitsani pafupi. Waya aliyense ali ndi nambala yodindidwa pa khungu lake, ndipo nambala yomweyo ili pa chithunzi chokhomedwa m'kati mwa chitseko. Mukazolowera mudzaona kuti n'zosavuta kuposa mawaya a galimoto. Pa zakale zoziziritsidwa ndi mpweya, MEP-002A ndi MEP-003A, chotsani malata ophimba injini muone ngati pakati pa timapiko ta masilinda palibe udzu ndi nsanza, chifukwa chisa chimodzi chimatha kupsereza silinda.

Kenako thanki. Khuthulani zonse, musasiye ngakhale lita. Dizilo wakale amanunkha ngati vanishi, ndipo pansi pake pamakhala madzi ndi matope akuda oterera. Tsukani ndi dizilo watsopano mpaka nsalu yoyera izituluka yoyera. Pa MEP-802A ndi MEP-803A thanki ndi yapulasitiki, ndipo mapayipi amalowamo kudzera pa timanati tokutidwa ndi labala totchedwa well nut. Labalayo imauma ndi zaka n'kumadonthetsa dizilo pansi pa makina. Sinthani tonse pamene thanki ili yopanda kanthu, osadikira kuti mudzachite mutadzaza.

Mapayipi aang'ono obwezera dizilo kuchokera ku ma injector kupita ku thanki, aja okutidwa ndi nsalu, nawonso sinthani onse ngakhale akuoneka abwino. Mukawapinda amathyoka ngati bisiketi. Ndi a 3.5 mm, ofanana ndi a magalimoto akale a dizilo a Mercedes ndi VW, ndiye amapezeka.

Sinthani fyuluta ya dizilo, yolekanitsa madzi, ya oyilo ndi ya mpweya. Oyilo ndi 15W-40 wa injini za dizilo, yemweyo wa malole. Ngati munali oyilo wakale, muyang'aneni musanamutaye. Wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi akulowa, mwina pa gasket ya hedi. Wopyapyala, wonunkha dizilo ndi wodutsa pa mzere wa dipstick ndiye kuti dizilo akutsikira mu sampu. Mu rediyeta thirani coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire, osati madzi a pa mjigo, amene amasiya miyala m'mapayipi.

Mabatire: makina onsewa ndi a 24 V, kutanthauza mabatire awiri a 12 V olumikizidwa motsatana, positive ya lina ku negative ya linzake. Gulani awiri ofanana tsiku limodzi. Lakale likakhala ndi latsopano, onse amatha msanga. Onetsetsani kawiri kuti simunatembenuze mawaya, ndipo wa negative muzimanga pomaliza. Musayese kuibusta ndi galimoto yaing'ono ya 12 V.

Tsopano zungulitsani injini ndi dzanja, ndi sipanala pa pulley ya kutsogolo, kawiri konse. Ikakana, musaikakamize ndi sitata. Chotsani ma injector, thirani oyilo pang'ono m'masilinda, igone masiku awiri kapena atatu. Ikazungulira, pambali pa injini pali swichi yolembedwa DEAD CRANK. Imeneyi imazungulitsa injini popanda kupereka dizilo, kuti oyilo afike paliponse moto usanayake. Igwiritseni masekondi 10, kawiri kapena katatu.

Chomaliza musanalize, ndipo ichi ndikupemphani musachidumphe ngati yanu ndi MEP-802A kapena MEP-803A. M'kati mwa jenereta muli koyilo yapadera yotchedwa quad winding, yodyetsa regulator. Regulator ikachita shoti, koyiloyo imapsa, ndipo kuikonza n'kumasula jenereta yonse n'kukulunganso mawaya. Mankhwala ake ndi fyuzi ya 3 amp pa waya wochokera ku koyiloyo kupita ku regulator. Makina ambiri anaikidwa kale fyuziyi adakali kwa asilikali, ena ayi. Yang'anani pafupi ndi regulator kuseri kwa panelo. Ngati palibe, ikani lero.

Kuliza koyamba

Ikani jenereta panja, pamalo athyathyathya, ekizozi italoza kutali ndi mawindo. Utsi wa injini umapha mwakachetechete m'chipinda chotseka, ndipo kuopa akuba si chifukwa choilowetsera m'nyumba. Khomani ndodo ya earth pansi muimange ku nati yolembedwa GND.

Bwezani DEAD CRANK pa NORMAL. Kokani batani lofiira la EMERGENCY STOP lituluke. Onani kuti BATTLE SHORT ili pa OFF. Tembenuzani MASTER SWITCH ifike pa PRIME & RUN, mumvetsere. Pampu ya magetsi iyamba kugogoda mofulumira, kenako pang'onopang'ono pamene mapayipi akudzaza. Tsegulani chivundikiro cha thanki, mukamva dizilo akubwerera ndiye kuti mpweya watuluka.

Pitirizani swichi kufika pa START, ndipo injini ikalira musaisiye msanga. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poti tinazolowera galimoto. Sitata imadzichotsa yokha injini ikagwira liwiro, koma dzanja lanu likhalebe pa START mpaka mita ya oyilo ifike 25 psi ndipo mita ya voltage idzuke. Nthawi imeneyo mabatire amakhala akupatsa jenereta kamoto koyambira kupanga magetsi. Mukasiya msanga, injini imazima chifukwa cha oyilo wosakwera, kapena imalira koma osatulutsa magetsi. Ikakana kulira, musapitirire masekondi 15, pumitsani sitata kaye.

PREHEAT, malo a pa MASTER SWITCH oyatsira ma heater otenthetsa mpweya wolowa mu injini, anaiikira mayiko ozizira kwambiri. Kuno imathandiza m'mawa wa chiperoni mu June ndi July, masekondi ochepa chabe, osapitirira 30. Mankhwala opopera polowera mpweya kuti injini ilire msanga musawayandikize, chifukwa akakumana ndi ma heater otentha amaphulika.

Ikalira, ikani 60 Hz ndi kogwirira ka frequency, ikani voltage, idikireni mphindi 5. Mamita ake ndi a ku America: oyilo akhale pakati pa 25 ndi 60 psi, madzi pakati pa 170 ndi 200 °F, amene ndi 77 mpaka 93 °C. Zungulirani makina ndi tochi kufufuza podontha. Kenako kankhirani AC CIRCUIT INTERRUPTER ku CLOSED mpaka kababu kake kayake, pamenepo magetsi afika ku mawaya otuluka. Pozimitsa yambani mwatsegula interrupter, injini ilire yopanda katundu mphindi 5, ndiye muike pa OFF.

Za BATTLE SHORT ndinene mosabisa. Swichi imeneyi imatseka pakamwa zoteteza injini, kuti pa nkhondo magetsi asazime ngakhale oyilo atatha. Msilikali angalole injini kufa kuti anthu apulumuke. Inu simuli pa nkhondo. Jenereta ikamazima yokha ikukuuzani kanthu, ndipo wokonza amene akuti mungoyatsa BATTLE SHORT muzigwira ntchito akukugulitsani injini yatsopano.

Ipatseni katundu

Injini ya dizilo ikamalira nthawi yaitali ndi katundu wochepera gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake, masilinda satentha mokwanira. Dizilo wosapsa amasakanikirana ndi mwaye n'kumata ma valve, maringi ndi ekizozi. Mudzaona madzi akuda ngati phula akutsika polumikizira ekizozi, utsi wotuwa, ndipo mukaipatsa katundu wolemera imatsamwa. Azungu amati wet stacking. Makina ambiri amafika nalo kale vutoli, chifukwa ku misasa jenereta ya 10 kW imatha kukhala miyezi ikuyatsa wailesi imodzi.

Anthu amathamangira kumasula injini poganiza kuti maringi atha. Yambani mwaiwotcha ndi ntchito. Sonkhanitsani zinthu zotenthetsa: maketulo, ma hotplate, ma element a giza m'mgolo wa madzi. Ketulo imodzi imakoka pafupifupi 2 kW. Yambani ndi theka la mphamvu kwa theka la ola, onjezerani kufika magawo atatu mwa anayi kwa ola, kenako mphamvu yonse kwa maola awiri kapena kuposa. Idzafuka, idzalavula timakala toyaka, choncho chotsani udzu wouma ndi zigubu pafupi, mukhale ndi chozimitsira moto. Yanga inafuka mpaka oyandikana nawo anabwera kudzaona ngati shopu ikupsa, koma pofika ola lachitatu utsi unayera ndipo kulira kwake kunasintha, kunakhala kosalala.

Mita ya PERCENT, yoonetsa katundu amene jenereta yasenza, imawerenga current, osati ma kW, ndipo makinawa anawerengedwa pa power factor ya 0.8. Ndiye ndi katundu wa maketulo, mita ikaonetsa pafupifupi 80 ndiye kuti mwafika kale pa 10 kW. Mukaiwotcha ndi ntchito kamodzi, muzibwereza mwezi uliwonse, ola limodzi ndi katundu wolemera, ngakhale magetsi a ESCOM asakuvuta.

Kulumikiza ku nyumba

Apa safunsa anadya phula. Itanani wamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, mumuonetse buku, chifukwa jenereta iyi siili ngati zimene anazolowera.

Kwathu kuno waya mmodzi ndi live wa 230 V, winayo ndi neutral wopanda moto. Pa MEP ya 120/240 V, ma 240 V amapezeka pakati pa potulukira mawaya polembedwa L1 ndi L3, ndipo onse awiri ali ndi moto, aliyense 120 V poyerekeza ndi N, neutral ya jenereta. Mukalumikiza L3 ku neutral ya nyumba, waya amene aliyense amamuyesa wozizira amakhala wamoto, ndipo swichi ya pakhoma yodula waya mmodzi siichotsa ngozi. Ngati neutral ya nyumbayo yakhudzana ndi earth penapake, ndi shoti. Palinso kachitsulo kolumikiza N ndi GND pafupi ndi potulukira mawaya, kamene wamagetsi ayenera kusankha mwanzeru ngati kakhale kapena kachoke.

Ine ndinapewa zonsezi. Ndinapanga bokosi lapadera la jenereta, lokhala ndi ma breaker odula mawaya onse awiri ndi earth leakage, ndi masoketi ake opakidwa penti yofiira, osakhudzana konse ndi mawaya a nyumba. Amene mukufuna kuyatsa nyumba yonse, njira yabwino ndi thiransifoma yolekanitsa, yopereka live ndi neutral monga mwa kwathu, pamodzi ndi changeover, swichi yosankhira pakati pa ESCOM ndi jenereta, yodula mawaya onse. Chingwe cha mapulagi awiri cholowetsa pa soketi musachiyerekeze. Magetsi anu amabwerera ku thiransifoma ya mumsewu n'kukwera kufika 11 kV, ndipo pa pholo pangakhale bambo wa ana akukonza waya amene akudziwa kuti ndi wozima.

Dizilo

Makinawa anapangidwa kuti azithanso kuyendera JP-8, mafuta a ndege ofanana ndi palafini, ndiye sasankha kwambiri. Chimene sapirira ndi madzi ndi zinyalala. Nthawi ina mafuta atasowa, mizere ili mpaka mumsewu, ndinagula chigubu kwa wogulitsa wa m'mbali mwa njira chifukwa ndinali ndi geti loti ndipereke m'mawa mwake. Jenereta inalira mphindi 20 n'kuyamba kutsokomola. Nditatsegula pansi pa fyuluta yolekanitsa madzi, m'botolo munatsika madzi okwana kapu, dizilo atayandama pamwamba. Zinanditengera masiku awiri ndi mafyuluta atsopano.

Kuyambira pamenepo dizilo aliyense amagona usiku m'chigubu asanalowe mu thanki. Ndimathira kudzera pa sefa, ndipo wa pansi pa chigubu ndimatsukira zitsulo. Thanki ikhale yodzaza, makamaka nyengo ya mvula, kuti chinyezi chisapeze malo. MEP-803A imamwa pafupifupi malita 3.7 pa ola ikasenza katundu wonse, ndipo thanki yake ya malita 34 imakwana tsiku la ntchito.

Za tsiku ndi tsiku n'zochepa. Musanalize onani oyilo, madzi, lamba wa fani ndi pansi ngati padontha. Sabata iliyonse tulutsani madzi pa fyuluta. Oyilo ndi fyuluta yake ine ndimasintha pa maola 250 kapena pakatha miyezi 6, chimene chayamba kufika. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, fumbi la kuno limatseka fyuluta ya mpweya ndi rediyeta msanga, ndiye muziziona kawirikawiri. Mangirirani kope kuchitseko muzilemba maola a pa mita ndi zimene mwachita.

Ikavuta

Ikangoti zii mutatembenuza swichi, yambani ndi zophweka: EMERGENCY STOP yokankhidwa, DEAD CRANK yosabwezedwa pa NORMAL, breaker ya DC kuseri kwa panelo, mitu ya mabatire yadzimbiri. Mabatire awiri odzaza aonetse kupitirira 25 V, ndipo injini ikulira afike cha m'ma 28 V. Akapanda kukwera, sakuchajidwa.

Ikamazungulira koma osalira, onani utsi. Utsi woyera ndiye kuti dizilo akufika koma sakupsa, mwina kwazizira, mwina compression yachepa. Popanda utsi konse, dizilo sakufika. Onani ngati solenoid ya pambali pa injini, yotsegula njira ya dizilo, ikukoka mkono wake mpaka kumapeto. Masulani pang'ono nati ya payipi yachitsulo pa injector, muzungulitse, muone ngati pakutuluka dizilo, manja ali kutali, chifukwa dizilo wa mphamvu chotero amaboola khungu.

MEP-802A ndi MEP-803A zili ndi injini za Lister Petter, LPW2 ndi LPW4, ngakhale pa kachitsulo palembedwa Onan DN2M kapena DN4M. Silinda iliyonse ili ndi kapampu kake, ndipo timapampu tonse timakokedwa ndi kandodo kamodzi m'kati. Kamodzi kakamatirira ndi dizilo wakale, kandodoko sikayenda ndipo injini yonse imakhala chete. Chotsani kamodzikamodzi, kanyikeni mu dizilo woyera mpaka kamkono kake kaziyenda mosavuta. Pansi pa kapampu kalikonse pali timawashala topyapyala tokonza timing. Musatisakanize, musatitaye, bwezani tonse pamene munatichotsa. Pobwezera onetsetsani kuti kamkono kalowa m'malo mwake pa kandodo, apo ayi injini ingathamange osamvanso kuzimitsa. Poliza koyamba mutagwira timapampu, khalani ndi kathabwa kotsekera polowera mpweya.

MEP-002A ndi MEP-003A zili ndi injini za Onan ndi pampu imodzi ya Ambac. Imeneyi ikamatirira ndipo inu n'kuikakamiza ndi sitata, kachitsulo ka m'kati kamathyoka. N'chifukwa chake kuzungulitsa ndi dzanja ndi kutsuka njira ya dizilo kumayamba.

Ikalira n'kuzima, werengani timababu ta FAULT INDICATOR: oyilo, kutentha, dizilo, voltage yokwera, katundu wopitirira. Nthawi zina cholakwa ndi sensa osati injini, koma tsimikizani ndi geji ya pamanja musanaikayikire. Kababu ka NO FUEL kakayaka thanki ili yodzaza, kawirikawiri ndi float ya mu thanki, kachinthu koyandama koyeza dizilo, yomatirira.

Ikamalira bwino koma magetsi osatuluka, yesaninso kugwira START nthawi yokwanira, onani fyuzi ya 3 amp ija. Ikapsanso mutaisintha, regulator yafa, musaike fyuzi yaikulu. Maswichi ozungulira, wosankhira voltage ndi wa mamita, amachita dzimbiri m'kati akakhalitsa. Injini itazima ndipo batire litachotsedwa, poperani contact cleaner muwatembenuze uku ndi uku kambirimbiri. Swichi yosankhira voltage musaigwire injini ikulira.

Masipeya ndi penti

Nambala za asilikali za NSN wogulitsa wa ku Limbe sazidziwa. Tengani chakalecho m'manja, kapena pezani m'buku la 24P nambala ya kampani imene inachipanga. Mafyuluta, malamba, mapayipi ndi ma relay a 24 V ambiri amafanana ndi a malole ndi mathirakitala. Dzina la Lister likudziwika kuno chifukwa cha zigayo ndi mapampu, koma LPW si Lister yakale ija, choncho tchulani nambala yonse. Ma injector pitani nawo kwa oyeza mapampu a dizilo. Regulator ndi zina za pa panelo n'zoitanitsa kunja, ndipo zimatenga masabata, ndiye ine ndimasunga regulator imodzi pa shelefu, mafyuzi, mafyuluta awiriawiri ndi pampu ya dizilo ya 24 V. Mabawuti ambiri a bokosi ndi a mainchi. Masipanala ake mungawapeze mwa ogulitsa zitsulo zakale mu msika wa Ndirande, ndipo ndi bwino kuwagula kusiyana n'kudya mitu ya mabawuti ndi sipanala ya mamilimita.

Kwa anzanga owotcherera: penti yobiriwira ija imatchedwa CARC, ndipo fumbi lake ndi utsi wake ndi poizoni ku mapapo. Musaipale youma ndi grinder, musawotcherere pamwamba pake. Mukafuna kuikapo zogwirira loko kapena mawilo, boolani mumange ndi mabawuti. Pamene kuwotcherera sikungapeweke, chotsani pentiyo ndi sandpaper yonyowa, panja, mutavala mask yeniyeni ya mafyuluta, mpaka chitsulo chiyere mbali zonse ziwiri, ndipo yambani mwamasula mabatire ndi mawaya a regulator.